Narcan kusukulu: mwana akakomoka ndi piritsi la fentanyl, amene ali pafupi achite chiyani?

MayiWaAwiri

Makolo anzanga amene muli kuno ku America, ndi inu odziwa zachipatala, ndigawireniko nzeru. Masukulu a sekondale a m'dera lathu lino atumiza kalata kwa makolo yonena kuti tsopano akusunga mankhwala otchedwa Narcan, ndipo ana amene makolo awo asayina fomu aziloledwa kuyenda nawo m'chikwama. Kalatayo ikutchula fentanyl, ma opioid ndi mapiritsi abodza, koma sikulongosola bwinobwino.

Mafunso anga ndi awa. Mwana amene sasuta, samwa mowa, amangopita kusukulu ndi kutchalitchi, nkhaniyi ikumukhudza pati? Kumupatsa mankhwalawa si kumuuza kuti yesa, chitetezo uli nacho? Nanga munthu umadziwa bwanji kuti mwana uyu wamwa zimenezi osati wangogona kapena waledzera, ndipo umayamba ndi chiyani? Mwezi wamawa kuli msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, ndikufuna ndikafunse zinthu zogwira mtima.

Namwino_wa_ICU

Mayi, ndiyambe ndi funso lanu lachitatu, chifukwa moyo wa mwana wagona pamenepo.

Ma opioid onse, gulu la mankhwala amphamvu opha ululu, kaya ndi morphine, codeine, oxycodone, heroin kapena fentanyl, amapha m'njira imodzi. Amagonetsa mbali ya ubongo imene imalamula kupuma. Poyamba mtima umagundabe, koma munthu amapuma mwapatalipatali, kenako n'kusiyiratu. Ubongo ukakhala mphindi 4 kapena 5 wopanda mpweya umayamba kuwonongeka, ndipo mtima umaima pambuyo pake. Ambulansi ya m'tauni imatenga mphindi 7 kapena kuposerapo kuti ifike, yakumidzi imatha kuwirikiza kawiri. Mukawerengera muona kuti wopulumutsa mwana ndi amene ali naye m'chipindamo, kaya ndi mnzake wa zaka 15 kapena bambo wokolopa.

Zizindikiro zikuluzikulu ndi zitatu. Choyamba, sadzuka. Muitaneni dzina mokweza, mugwedezeni mapewa, ndipo akapanda kuyankha kungani chibakera n'kupekesa mfundo za zala mwamphamvu pafupa la pakati pa chifuwa kwa masekondi 5 mpaka 10. Zimawawa kwambiri, moti wogona kapena woledzera wamba amadzambatuka kapena kukankha dzanja lanu. Chachiwiri ndi kapumidwe. Mnyamata kapena mtsikana wa msinkhu umenewu amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi. Ngati pakudutsa masekondi opitirira 5 asanapumenso, kapena chifuwa sichikukwera n'komwe, zinthu zavuta. Chachitatu, mutsegule chikope: kamwana ka diso kamakhala katachepa zedi, kadontho chabe, ngakhale m'chipinda muli mdima.

Pali ziwiri zimene zimasocheretsa anthu. Timapepala tambiri timati milomo imasanduka yabuluu. Pa khungu la ana athu zimenezo simuziona msanga. Nkhope imatuwa, milomo imaoneka yotumbuluka, ndipo poyang'ana pabwino ndi m'kati mwa mlomo wam'munsi, nkhama ndi pansi pa zikhadabo. China ndi mkonono. Mwana akamaliza mkonono wachilendo, wokhala ngati akutsamwa kapena madzi akubwata pakhosi, anzake amati wagona tulo tofa nato, amufunditse bulangete adzuka yekha. Mkonono umenewo ndi lilime limene lagwera kukhosi, mpweya ukukanika kudutsa. Ana ambiri amafa chonchi, anthu akumva phokosolo m'chipinda choyandikana.

Mukaona zimenezi, chitani izi motsatana. Lozani munthu mmodzi ndi chala, mumutchule dzina, aimbe 911 n'kunena kuti pali mwana amene sakudzuka ndipo sakupuma bwino, atchule nyumba ndi nambala ya chipinda. Mukangokuwa kuti wina aimbe foni, aliyense amayesa kuti mnzake waimba. Wachiwiri athamangire Narcan, mankhwala opopera m'mphuno obweza mphamvu ya ma opioid, ndi AED, makina othandiza munthu mtima ukaima.

Mugonekeni mwanayo chagada. Ng'ambani pepala la kuseri kwa paketi, mutulutse kachipangizoko. Chala chachikulu chikhale pansi pa kobanikiza, zala ziwiri mbali ndi mbali mwa kampopi. Musakayese m'mwamba kuti muone ngati kakugwira ntchito: muli mlingo umodzi wokha wa mamiligalamu 4, mukabanikiza kamodzi watha. Pendeketsani mutu chakumbuyo pang'ono, lowetsani kampopi m'mphuno imodzi mpaka zala zanu zigunde mphunoyo, ndiye banikizani mwamphamvu kamodzi. Mwanayo sakuyenera kukoka mpweya kuti mankhwala alowe, amalowerera okha m'kati mwa mphuno n'kupita m'magazi.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Akapopera amaimirira n'kumadikira chozizwitsa. Naloxone, amene ndi mankhwala ali mu Narcan, amatenga mphindi 2 kapena 3 kuti ayambe kugwira, ndipo nthawi yonseyo ubongo ukufunabe mpweya. Ngati munaphunzitsidwa ndipo mukumva bwino kuti mtima ukugunda, kwezani chibwano, tsinani mphuno, muuzireni mpweya m'kamwa kamodzi pa masekondi 5 kapena 6 aliwonse, mukuyang'ana kuti chifuwa chikukwera. Chikapanda kukwera ndiye kuti mutu sunapendekeke mokwanira, konzani muyesenso. Ngati simukudziwa kufufuza kugunda kwa mtima, musataye nthawi kupapasa pakhosi. Munthu amene sakudzuka komanso sakupuma bwino muyambe CPR: kudinikiza pakati pa chifuwa ka 30, molowa masentimita 5, pa liwiro la ka 100 mpaka 120 pa mphindi, kenako mpweya kawiri, n'kubwerezanso. AED ikafika iyatseni, imalankhula yokha.

Pakatha mphindi 2 kapena 3 osasintha, tengani kachipangizo kachiwiri mupopere m'mphuno inayo. Paketi imakhala ndi tiwiri pa chifukwa chimenechi.

Akayamba kupuma yekha, mutembenuzeni agone cham'mbali, bondo lapamwamba lopinda, nkhope yoloza pansi pang'ono, chifukwa kusanza kumabwera kawirikawiri ndipo masanzi akalowa m'mapapo ndi vuto linanso. Cholinga ndi kupuma. Ngati akupuma bwino koma akadali ndi tulo, musapitirize kupopera kuti mpaka atsegule maso.

Ndipo apite kuchipatala ngakhale atadzuka n'kumalumbira kuti ali bwino. Mphamvu ya naloxone imatha pakati pa mphindi 30 ndi 90, pamene chimene wamwacho chikhoza kukhalabe m'thupi. Mwana amatha kudzuka, kuyenda, kukwera basi, n'kukasiyanso kupuma ali yekha kuchipinda.

Mukamupopera mwana amene wakomoka ndi zina, monga shuga kapena khunyu, Narcan samupweteka, kungoti sathandiza. Choncho pokayikira, poperani.

WaFamase_Maryland

Anamwino afotokoza bwino. Ine nditenge funso loyamba lija, loti mwana wofatsa zikumukhudza pati.

Ziwerengero zake n'zodabwitsa. Ku America, achinyamata a zaka 14 mpaka 18 amene anamwalira chifukwa cha mankhwala osokoneza bongo anali 492 mu 2019, anafika 954 mu 2020, ndi 1,146 mu 2021. Mu 2022 ankafa pafupifupi 22 sabata iliyonse. Koma kafukufuku wa chaka ndi chaka wa m'masukulu sanaonetse kuti ana ogwiritsa ntchito mankhwalawa achuluka m'zaka zimenezo. Chinasintha ndi chimene chili m'kati mwa piritsi.

Ana ambiri sanyamuka kukafuna fentanyl. Amagula, kapena kupatsidwa ndi mnzawo, piritsi limene akuti ndi Percocet la ululu wa bondo lovulala ku mpira, Xanax la nkhawa, kapena Adderall loti awerenge usiku wonse mayeso akayandikira. Ogulitsa amapezeka pa Snapchat ndi pa Instagram, ndipo katundu amabwera mpaka pageti. Lofala kwambiri ndi kapiritsi kabuluu kozungulira, kolembedwa M mbali ina ndi 30 mbali inayo, kotengera oxycodone wa mamiligalamu 30. Ana amati ma blues kapena ma perc. Amadinda ndi makina ofanana ndi a kufakitale, moti ndi maso simungasiyanitse, ngakhale ife a kufamase sitingathe. Ena amameza, ena amaphwanya n'kununkhiza, ena amawotcha pa foyilo n'kukoka utsi ndi kathumba ka cholembera. Mukapeza m'chipinda cha mwana tizidutswa ta foyilo tokhala ndi mizere yakuda yopserera, kapena cholembera chochotsedwa zam'kati, musazengereze kukhala naye pansi.

Fentanyl ndi wamphamvu kuwirikiza ka 50 poyerekeza ndi heroin, ndi ka 100 poyerekeza ndi morphine. Mamiligalamu 2 okha, kaufa kokwana pansonga ya pensulo, akhoza kupha munthu amene thupi lake silinazolowere. Bungwe la DEA, lolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo ku America, linanena kuti mwa mapiritsi abodza 10 aliwonse amene linayeza mu 2023, 7 anali ndi mlingo wotha kupha. Ndipo opangawo sasakaniza bwino. Zili ngati phala lothira shuga osatakasa, supuni ina yosakoma, ina shuga yekhayekha. Ana awiri amagawana piritsi limodzi, wina osamva kanthu, mnzake n'kufa. N'chifukwa chake mawu akuti mnzanga wamwa dzulo ndipo ali bwino alibe ntchito. Ndiponso mwana woyesa koyamba ndi amene ali pangozi yaikulu kuposa wozolowera, chimodzimodzi amene anasiya kwa milungu ingapo, mwina anali kuchipatala, n'kubwerera pa mlingo wake wakale. Akaphatikiza ndi mowa kapena mapiritsi ogonetsa, ngozi imakula kwambiri, popeza zonsezo zimafooketsa kupuma.

Za kagulidwe ndi kasungidwe. Bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linavomereza mu March 2023 kuti Narcan wa mamiligalamu 4 azigulitsidwa popanda kalata ya dokotala. Atafika m'masitolo paketi ya tiwiri inali pafupifupi madola 45, koma maofesi ambiri a zaumoyo a m'ma county amagawa ulere, yambani mwafunsa kumeneko. Palinso RiVive wa mamiligalamu 3, nayenso wogula popanda kalata. Kloxxado ndi wa mamiligalamu 8, ndipo makolo ambiri amaganiza kuti wamkuluyo ndiye wabwino. Apolisi a boma la New York anayerekeza wa 8 ndi wa 4, ndipo zotsatira zimene CDC, bungwe la boma loona za matenda, inatulutsa mu 2024 zinaonetsa kuti opulumuka anali chimodzimodzi, koma olandira wa 8 ankavutika kwambiri ndi kusanza ndi zowawa zina akadzuka. Gulani wa 4, mukhale ndi tiwiri.

Sungani pamalo a madigiri 20 mpaka 25 a Celsius. Asakhalitse m'galimoto. M'chilimwe galimoto yoima padzuwa imatentha kudutsa madigiri 40, ndipo m'nyengo yozizira mankhwalawa amaundana, osatuluka mukabanikiza. Musachotse kachipangizo m'pepala lake nthawi isanakwane, chifukwa m'chikwama cha mabuku kamabanikizika kokha. Onani deti lotha ntchito, koma pangozi, ngati muli ndi wotha deti yekha, mugwiritseni ntchito ndithu.

Kwa abale a ku Britain: kumeneko nkhawa yaikulu ndi ma nitazene, mtundu wina wa ma opioid, amene ena mwa iwo amaposa fentanyl mphamvu, ndipo apezekapo m'mapiritsi abodza ogulidwa pa intaneti. Naloxone amagwirabe ntchito, kungoti nthawi zina pamafunika milingo ingapo. Wopopera m'mphuno wodziwika kumeneko ndi Nyxoid wa mamiligalamu 1.8, ndipo wobaya ndi Prenoxad, jakisoni wa m'kabokosi kachikasu wokhala ndi milingo 5 ya mamiligalamu 0.4, wobaya pantchafu mzere umodzi nthawi imodzi. Kuyambira 2015 mabungwe othandiza ogwiritsa ntchito mankhwala osokoneza bongo amaloledwa kugawa popanda kalata. Nambala ya ambulansi kumeneko ndi 999.

MayiWaAwiri

Zikomo kwambiri anamwino ndi inu bambo a kufamase. Koma ndili ndi mantha ena. Timaona pa TV wapolisi akugwa atangokhudza kaufa kameneka. Ndiye mwana wanga akakhudza mnzake, kapena kumuuzira mpweya m'kamwa, sagwa nayenso? Komanso akaitana aphunzitsi, samuyesa kuti nayenso ali m'gulu lomwelo n'kumuchotsa sukulu?

Namwino_wa_ICU

Loyambalo lisakudetseni nkhawa mayi. Mabungwe awiri a madokotala oona za poizoni ku America anatulutsa chikalata mu 2017 chonena kuti kukhudza ufa kapena piritsi la fentanyl mwangozi sikungalowetse mlingo woopsa kudzera pakhungu. Zigamba za fentanyl zimene timamata odwala khansa zinapangidwa mwapadera, ndipo zimatenga maola ambiri kuti ziyambe kugwira. Akakhudza asambe m'manja ndi sopo ndi madzi, asagwire m'maso kapena m'kamwa asanasambe. Pakamwa pa wodwala pakakhala ufa kapena masanzi, apukute kaye. Sukulu iike kapulasitiki kotchinga pakamwa ndi magolovesi m'bokosi limodzi ndi Narcan, n'zotchipa. Mantha amenewa achedwetsa anthu ambiri kugwira wodwala.

Lachiwirilo ayankhe aphunzitsi.

Mphunzitsi_Texas

Funso lanu lachiwirilo mayi ndi limene mukayambe nalo kumsonkhano, chifukwa bokosi la Narcan n'losavuta kugula, koma lamulo la chilango ndi limene limachititsa ana kutseka pakamwa.

CDC inaunika imfa za ana a zaka 10 mpaka 19 kuyambira pakati pa 2019 mpaka kumapeto kwa 2021. Pa imfa zitatu zilizonse, ziwiri zinachitika pali munthu wina pafupi amene akanatha kuthandiza, koma ambiri sanachitepo kanthu. Ena anali m'chipinda china, ena sankadziwa kuti mwanayo wamwa kanthu. Ndipo imfa zambiri, pafupifupi 6 pa 10, zinachitikira kunyumba kwa mwanayo. Tanthauzo lake n'lakuti sukulu ikangokhoma bokosi pakhoma yachita gawo laling'ono. Phindu lalikulu lili pa zimene mwana waphunzira kusukulu n'kupita nazo kunyumba ndi kuphwando Loweruka usiku.

Mwana wa zaka 15 akaona mnzake wagwa m'chimbudzi, m'mutu mwake mumabwera apolisi, kuchotsedwa sukulu, ndi nkhope ya bambo ake. Kwa ana a ife obwera, pamawonjezekanso mantha a mapepala a banja. Ndiye amayamba kumuthira madzi kumaso, kumumenya mbama, kuimbira mnzake wina foni, mphindi zikupita. Maboma ambiri a ku America ali ndi lamulo la Good Samaritan loteteza woimba 911 kuti asaimbidwe mlandu wopezeka ndi mankhwala ochepa, koma limasiyana boma ndi boma, ndipo silimanga manja a sukulu pa chilango chake. Choncho mukafunse kuti: kodi zinalembedwa m'buku la malamulo a sukulu kuti mwana woitana thandizo salangidwa? Ngati sizinalembedwe, ana sangakhulupirire zonena pakamwa. Zikalembedwa, ziwerengedwe pamaso pa ana onse kumayambiriro kwa teremu iliyonse.

Kenako mukafunse kumene mankhwalawo ali. Kabati yokhoma mu ofesi ya namwino ndi malo olakwika, chifukwa masukulu ambiri amagawana namwino mmodzi, ndipo tsiku la ngozi kiyi amakhala ali naye kusukulu ina. Muyeso wabwino ndi uwu: kuchokera pamalo alionse a sukulu, munthu athe kuthamanga, kutenga, n'kubwerera m'mphindi zosapitirira 3. Kunena kwina, bokosi losakhoma pambali pa AED iliyonse, pansanjika iliyonse, kubwalo la masewero, ndi m'chikwama cha kochi timu ikamapita kukasewera kwina. Ophunzitsidwa asakhale aphunzitsi okha. Alonda, okolopa, oyendetsa basi ndi ogwira ntchito kukhitchini ndi amene amakhala kumene ana amabisala. Maphunziro ake satenga ola lathunthu, koma aliyense agwire kachipangizo koyeserera ndi manja ake, ndipo sukulu iyeserere ndi wotchi kamodzi pa teremu monga imachitira ndi za moto. Pakhalenso munthu mmodzi wodziwika ndi dzina woyendera mabokosi mwezi uliwonse, apo ayi mudzapeza lopanda kanthu.

Zimbudzi ndi nkhani payokha. Mu September 2022 mtsikana wa zaka 15 anapezeka atamwalira m'chimbudzi cha sukulu ina ya sekondale ku Hollywood, ndipo mwezi womwewo akuluakulu a masukulu a Los Angeles analengeza kuti sukulu iliyonse ikhale ndi naloxone. Zofunika n'zazing'ono: mwana wopempha kupita kuchimbudzi akatha mphindi 10 osabwerera wina akamuone, zitseko zikhale zotheka kutsegulira kunja, ndipo zimbudzi ziyenderedwenso masewero a madzulo akatha.

Malamulo akusintha. Kuno ku Texas, kuyambira 2023 masukulu a boma a giredi 6 mpaka 12 akuyenera kusunga mankhwalawa komanso kuphunzitsa za fentanyl chaka chilichonse. Montgomery County ku Maryland ndi Arlington ku Virginia analola ana kuyenda ndi naloxone chaka chomwecho.

Zoti kupatsa mwana Narcan n'kumulimbikitsa, ofufuza aliyang'ana funsoli ndipo sanapeze kuti kupezeka kwa naloxone kumachulukitsa ogwiritsa ntchito mankhwala. Ndiponso munthu wokomoka sangadzipopere yekha. Kamene kali m'chikwama cha mwana wanu n'ka mnzake. Ine ndikanasayina fomuyo.

Pa kaphunzitsidwe, kuopseza kokha sikugwira. Pulogalamu yakale ya DARE, yotumiza apolisi m'makalasi, itaunikidwa inapezeka kuti sinkasintha khalidwe la ana kwenikweni. Mukamuuza mwana kuti chamba ndi fentanyl n'chimodzimodzi, iye akuona anzake osuta chamba ali moyo, amataya zonse zimene mwanena. Muuzeni zoona zochepa zimene angazisunge: piritsi lililonse losachokera kufamase m'dzina lake alitenge ngati muli fentanyl, mkonono wa mnzake amene sakudzuka ndi ngozi, ndipo kunyumba sadzakalipiridwa chifukwa choimba 911. Mawu omalizawa ayenera kuchokera kwa inu kholo, sukulu singakunenereni.

Musaiwale kufunsa za alangizi. Pa ana omwalira aja, 4 pa 10 anali ndi mbiri ya vuto la maganizo. Mwana wogula Xanax pa foni nthawi zambiri ali ndi nkhawa yeniyeni imene sanauze munthu, ndipo m'mabanja mwathu timafulumira kunena kuti akupusa. Nambala ya 988, yothandiza ovutika maganizo, imayankha usana ndi usiku. Amene wazolowera kale ma opioid kumuchotsa sukulu kumangomusiya yekha m'nyumba tsiku lonse. Akufunika chithandizo, ndipo buprenorphine, mankhwala othandiza kusiya ma opioid, ndi wovomerezeka kuyambira zaka 16.

WaFamase_Maryland

Aphunzitsi sanatchule timapepala toyezera fentanyl, ndipo wina akafunsa kumsonkhanoko. Timapepalati timagwira ntchito, koma pamafunika kusungunula piritsi lonse m'madzi. Mukapala kambali kokha, fentanyl akhoza kukhala mbali inayo. Mzere umodzi ndiye kuti alimo, mizere iwiri ndiye kuti sanapezeke, ndipo ambiri amawerenga mozondoka potengera zoyezera mimba. Timapepalati sitiona ma nitazene. Kwa mwana wasukulu ine sindingadalire timeneti.

Mukamvanso za xylazine, mankhwala ogonetsa ziweto amene akusakanizidwa ndi fentanyl. Naloxone samuchotsa, koma poperanibe chifukwa fentanyl amakhala alimo. Munthu wotere amayamba kupuma koma osadzuka, ndiye mugonekeni cham'mbali, muziwerenga kapumidwe mpaka ambulansi ifike.

Kilinikala_Joni

Akuluakulu, mwanena za ku America ndi ku Britain, koma ena owerenga pano ali ndi ana ku South Africa, ku Zimbabwe ndi kumudzi. Kuno ku Africa mapiritsi a M30 si nkhani ya tsiku ndi tsiku. Ma opioid amene amafika m'manja mwa ana asukulu ndi ena.

Woyamba ndi codeine wa m'mankhwala amadzi a chifuwa. Ana amathira m'chakumwa chozizira n'kumati lean, ndipo ku Zimbabwe BronCleer, amene amati bronco, ndi woletsedwa koma amalowabe mozemba. Nigeria inaletsa kupanga ndi kuitanitsa mankhwala a chifuwa a codeine mu 2018 chifukwa cha vuto lomweli. Botolo limodzi lomwa pakamodzi, kuphatikiza mowa kapena mapiritsi ogonetsa, likhoza kuimitsa kupuma. Matupi ena amasandutsa codeine kukhala morphine mofulumira kwambiri kuposa ena, ndipo munthu sadziwiratu kuti lake ndi lotani. N'chifukwa chake codeine ndi tramadol sapatsidwa kwa ana osakwana zaka 12.

Mapiritsi a codeine osakaniza ndi paracetamol ali ndi msampha wina. Mwana akamwa ambiri amatha kudzuka bwinobwino, koma paracetamol wopitirira magalamu 4 pa tsiku amayamba kuopseza chiwindi, ndipo kuwonongekako kumaonekera pakatha masiku awiri kapena atatu. Mankhwala oteteza chiwindi amagwira bwino akaperekedwa m'maola 8 oyambirira. Choncho mutenge paketi kapena botolo lopanda kanthulo popita kuchipatala, ndipo munene nthawi imene anamwa.

Tramadol ndi wachiwiri. Kapisozi wamba ndi wa mamiligalamu 50, ndipo wamkulu sapitirira 400 pa tsiku, koma kumadzulo kwa Africa kumayenda mapiritsi ozembetsa a 225. Tramadol wochuluka amagwetsa munthu ngati wakhunyu, ndipo naloxone saletsa kugwako, amangothandiza kupuma. Mwana akamaphupha musamuike supuni kapena chala m'kamwa, chotsani madesiki pafupi, tetezani mutu, akasiya mugonekeni cham'mbali. Wachitatu ndi nyaope kapena whoonga ya m'malokeshoni a kuno ku South Africa, imene ndi heroin wosakaniza, wosuta pamodzi ndi chamba. Ambulansi kuno ndi 10177, kapena 112 pa foni ya m'manja.

Kumudzi kuli chinanso chimene sitichiganizira: morphine wamadzi amene odwala khansa amapatsidwa kuti azimwera kunyumba. Ndi mankhwala ofunika kwambiri ndipo wodwala asamanidwe, koma botololo likhale lokhomeredwa, ndipo wodwala akatisiya lotsala libwezedwe kuchipatala, lisakhale pawindo. Sitolo yogulitsa tramadol kwa ana popanda kalata ya dokotala ikanenedwe ku PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala ku Malawi.

Narcan wopopera sapezeka wamba kwathu. Amene amakhala m'zipatala ndi naloxone wa jakisoni, kabotolo ka mamiligalamu 0.4 pa mililita imodzi, wobaya pantchafu kapena mumtsempha, kubwereza pakatha mphindi 2 kapena 3. WHO, bungwe la zaumoyo la dziko lonse, inalangiza mu 2014 kuti anthu amene angakhale pafupi ndi ngozi yotere azikhala naye, koma sukulu yogonera konko isayembekezere zimenezo. Aphunzitsi aakulu apite okha kuchipatala chapafupi akafunse ngati naloxone alipo ndiponso amene amasunga kiyi usiku. Matironi, aphunzitsi ogonera pasukulu ndi ma prefect aphunzire kuuzira mpweya, chifukwa munthu amene vuto lake ndi kupuma kokha mukhoza kumusunga ndi mpweya wanu mpaka kufika kuchipatala.

Zimene timathamangira kwathu zisiyeni. Mkaka, madzi amchere, kumutokosa kukhosi kuti asanze, zonsezi kwa munthu wokomoka zimathera m'mapapo. Kumuthira ndowa ya madzi ozizira sikudzutsa ubongo, kumangomuzizira thupi. Pomunyamula, asakhale tsonga pakati pa anthu awiri pa njinga yamoto mutu uli zyoli, chifukwa khosi likapindika njira ya mpweya imatsekeka. Pezani galimoto, agone pampando wakumbuyo kapena kumbuyo kwa pikapu, wina agwade kumutu kwake atakweza chibwano, akuwerenga kapumidwe njira yonse, ndipo kakatalikirana kupitirira masekondi 5 amutembenuze chagada n'kuyamba kuuzira galimoto ikuyenda.